Mazira a pa Fosholo

Gu! Gu! Usiku uliwonse Edna ankagonera phokoso la mabogi a sitima akugundana pa siteshoni ya katundu ku Crewe, kumene mwamuna wake Wilf ankalowa pakati pa mabogiwo kuwalumikiza. Phokosolo likamamveka, ankadziwa kuti mwamuna wake ali moyo.

Usiku wina kunangoti zii. Edna ananyamula mwana n'kuthamanga atavala nsapato imodzi, akudziona kale ali wamasiye. Anakapeza kamutu ka sitima kataima, Wilf ndi dalaivala akukazinga mazira pa fosholo ya malasha m'ng'anjo ya sitimayo.

"Alamu, mwatibweretsera mchere?" anafunsa dalaivalayo.

Edna anadziseka mpaka misozi. Pobwerera anatsimikiza kuti iye mwini ndiye azimupatsa Wilf mazira opita nawo kuntchito, kuti kukati zii azidziwa kuti akukazinga.