Mmene Achemwali Anandilandira Mbereko

Nditachira malungo amene anandigwira nditangobereka mwana wachitatu, ndinadzuka ndi ziwalo zonse, Mulungu alemekezeke, koma mbali ya kumanzere inabwerako itapusa. Kumva ndinkamva ndithu. Munthu akandikhudza ndinkadziwa kuti ndakhudzidwa, koma kuti wakhudza pati, ayi. Ntchentche ikatera paphewa, ine mbama pabondo. Udzudzu unkadya mwamtendere pakhosi, ine ndili kalikiliki kukanda chidendene chosalakwa.

Tinkakhala kumapiri a ku Ntchisi, masiku amene azungu a mishoni anali atangoyambitsa kumene masukulu m'midzi. Ine ndinaphunzirako pang'ono, ndipo ndinkadzimva ndithu. Ndiye taganizani, mayi wowerengera anzake Mawu a Mulungu, koma osadziwa pamene pali nthiti zake!

Amuna anga anandiperekeza kuchipatala cha mishoni. Dona wa kumeneko anandiuza kuti nditsinzine, n'kumandikhudza ndi kaudzu, ine n'kumaloza pamene ndamva. Ndinkaloza molimba mtima ngati mphunzitsi. Nditatsegula maso ndinapeza amuna anga akuyang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka. Donayo anati khungu lilibe mlandu, ndi malungo aja anasokoneza kena kake mkati, ndipo mankhwala ake analibe. Anangoti ndizigwiritsa ntchito maso.

Amene sankaseka ndi achemwali anga, akulu m'nyumba mwathu. Iwo nkhawa yawo inali pa khanda.

"Mwanayu ndizibereka ndine," anatero. "Iwe tsiku lina adzayamba kuterereka, udzagwira mwendo wako."

"Achemwali, msana womwewu walera ana awiri."

"Nthawi imeneyo unali ndi nzeru msanawo."

Ndinakana kwamtuwagalu. Kwathu mayi wa khanda akamayenda msana uli pamtunda, mwana ali kwa wina, anthu amafunsana ndi maso. Ndinkapemphera kuti, Ambuye, zina zonse tengani, koma mbereko mundisiyire.

Tsiku lina la Sabata, nyengo ya mvula, ine, achemwali ndi anzathu a mpingo tinanyamuka kupita kumapemphero kuseri kwa phiri. Pamtsinje tinaima kuti titsuke matope kumapazi. Ndinatsitsa mwana, n'kuyala mbereko pa udzu, kenaka n'kumuberekanso bwinobwino, mfundo yolimba, kuti achemwali aone. Titangoyamba chitunda, ndinamva moto kumanzere. Mutu wanga wanzeru uja unagamula msanga kuti ndi kumwendo.

"Linthumbwi!" ndinakuwa.

Pamenepo ndinalondola, linali linthumbwidi, nyerere zofiira zija zoluma osasiya. Ndinayamba kupondaponda, kudzimenya m'katumba, kukwinya nsalu mpaka m'mawondo, akulu a mpingo ali pambuyo pathu pomwepo. Mmodzi anatembenukira kuthengo n'kuyamba kuyang'anitsitsa mtengo ngati sanauonepo chibadwire. Mayi wina anati, "Anzathu, gule ameneyu si tinamusiya titabatizidwa?" Mwana ankalira kwambiri, ine n'kumati ndikumudzidzimutsa ndi kudumphaku.

Achemwali sanayang'ane n'komwe mwendo wanga. Anandigwira paphewa, n'kumasula mfundo, n'kumusolola mwana. Linthumbwi lonse linali m'mbereko. Linkandiluma m'nthiti, ndipo lina linali litakakamira pamimba ndi m'khosi mwa mwana wanga. Kumwendo kunalibe ngakhale nyerere imodzi.

Amayi onse anagwada n'kuyamba kumuchotsa tizilomboto, kamodzikamodzi, mitu yake ikutsalira pakhungu. Ine ndinangoima, manja lende. Palibe anandikalipira. Achemwali, amene pakamwa pawo sipankagwa ntchentche, tsiku limenelo anangoti, "Bwera ndikuchotse nawenso, wavina mokwanira."

Atatha, ndinakutumula mbereko ija ndekha, n'kuiyang'ana mbali zonse, n'kuwaveka achemwali kumsana, mwana ali momwemo. Mfundo ndinamanga ndine. Misozi inkagwa, ndipo tsaya lakumanzere ndinalipukuta mongoganizira.

Kuyambira pamenepo, paulendo uliwonse iwo ankatsogola ndi mwana, ine pambuyo ndi mtanga pamutu. Anthu anafunsanadi ndi maso, kenaka anatopa. Kunyumba ndinkamufukata kumanja, kumene ndinkamva bwino komanso kumuona. Koma panjira ndinapeza chimene ana awiri oyamba sanandipatse. Iwo aja ndinkangomva kulemera kwawo kumsana. Uyu ankapotoloza khosi kundifunafuna, akandipeza n'kuseka ndi nkhama zokhazokha, mpaka achemwali kudandaula kuti awathyola msana.

"Taleka kumuseketsa iwe, tigwera naye kuphompho!"

Ine osaleka. Tinayenda choncho mpaka anayamba kukwera chitunda chija ndi miyendo yake, dzanja lina kwa ine, lina kwa amayi ake aakulu. Ndimayamika Mulungu pondipatsa mchemwali wamakani kuposa ine.