Miyala ya Jennipher ndi Maneti a ku Luembe

Ngati munalephelapo mayeso n'kuona ngati zonse zathela pomwepo, imvani za Jennipher Njobvu.

Tsiku limene anamva kuti walephela Giledi 12, Jennipher anali pa siteshoni ya Nyimba akugulitsa nthochi. Maganizo ali kutali, anapeleka mbale zitatu za nthochi pa mawindo a basi ya ku Chipata, basi n'kunyamuka nazo. Iye anali wamasiye, amayi ake anamwalila ndi malungo ku Luembe, ndipo mbalezo zinali za azakhali ake, a Josephine.

"Sukulu yakukanika, mbale nazonso zakukanika?" anatelo azakhaliwo anthu akumva.

M'mawa mwake Jennipher anatola timiyala. Mbale ikalowa pawindo, ankaponya mwala m'thumba la siketi. Ikabwelela, ankautaya. Thumba likakhala lopanda kanthu, ankadziwa kuti mbale zonse zatuluka. Sanatayenso mbale.

Podikila mabasi, anayamba kuphunzila kulemba mapulogalamu a kompyuta pa foni yosweka galasi imene msuweni wake anaisiya. Batile ikatha, ankapitiliza m'kope lakale la masamu. Anzake ankamuseka kuti, "Abwana a nthochi ali mu ofesi!" Zaka ziwili zinatha conco.

Kenako anapeza nchito ku Petauke, pa kabungwe kogawa maneti oteteza udzudzu. Nchito yake inali kusesa ndi kutaipa maina.

Caka cimeneco, anthu odzipeleka a m'midzi anauzidwa kutumiza maina pa foni: banja lililonse m'mabulaketi, kutanthauza zizindikilo izi [ ], ndipo mkati mwake mabulaketi ena okhala ndi zaka za anthu a m'banjamo. Pulogalamu imene bungwe linagula inkafuna kuti uthenga uyambe ndi bulaketi. Koma ndani ku Luembe angayambe nkhani osapeleka moni? Mauthenga ankafika conco:

Muli tyani a Daka, kuno mvula yayamba [[Mumba,[41,5,3]],(Lungu,[28,1))] musaiwale njinga ija Mulungu adalitse

Tsiku lina pulogalamuyo inakana mauthenga 900. Lole yonyamula maneti inali yoti ipakile pa 16 koloko tsiku lomwelo, ndipo banja losapezeka pa mndandanda silikanalandila neti. Ambili mwa mauthengawo anali a ku Luembe.

A Gideon Daka, amene ankayang'anila nchitoyo, anayesa kuuza kompyuta kuti izidula uthenga pa bulaketi yotseka yoyamba. Zinaipilatu. Banja loyamba linkatuluka, ena onse n'kusowa.

"Amangolemba ngati kalata ya cibwenzi anthu awa!" anadandaula a Daka atagwila mutu. "Titaipe pamanja? Tidzamaliza Lacisanu."

Jennipher anali ataima kumbuyo kwawo ndi tsache, akuyang'ana uthenga uja. Bulaketi yotsegula, inanso, inanso. Kenako zotseka ziwili. Zinali mbale! Zitatu zalowa pawindo, ziwili zatuluka, imodzi idakali m'basi.

"Bambo," anatelo motsitsa mawu, "ndingayeseko?"

"Uyese ciani, kusesa kompyuta?"

"Moni tiusiye, ulibe mlandu. Kompyuta iziyenda cilembo cimodzicimodzi. Ikapeza bulaketi yotsegula iziika mwala m'thumba, ikapeza yotseka izicotsa. Miyala ikatha, mndandanda wathela pamenepo. Zotsalazo ndi za njinga."

A Daka anaimilila n'kumusiyila mpando.

Jennipher analemba mizele yocepa n'kuyesa. Mauthenga 200 okha ndiwo anadutsa. Nthawi inali itakwana 13 koloko.

"Wayesetsa, mwana wanga. Bweletsa mpando," anatelo a Daka.

"Dikilani pang'ono, bambo."

Anatsegula mauthenga otsalawo n'kuwawelenga ndi maso ake. Ndiye anaona. Pa mafoni a mabatani, bulaketi ya makona imavuta kupeza, motelo anthu akatopa kuifuna ankangoika yozungulila. Mbale ya pulasitiki kapena yacitsulo, mbale ndi mbale basi! Anauza kompyuta kuti iziwelenga zonse mofanana. Anaonjezanso kuti miyala ikakhala iwili m'thumba, mawu amene yapeza ndi dzina la banja, ikakhala itatu, manambalawo ndi zaka za anthu ake.

Anadina batani.

Mabanja anayamba kutsika pa sikilini ngati madzi. A Mumba ndi ana awo awili, a Lungu ndi khanda lawo, midzi yathunthu! A Daka anakuwa mpaka dalaiva wa lole anathamangila mkati kudzaona amene wagwa.

"Mayo ine! Jennipher, unali kuti nthawi yonseyi?"

"Kumbuyo kwanu, bambo, ndi tsache."

Anatsala mauthenga 27 amene anatha mwala udakali m'thumba, cifukwa olembawo anaiwala kutseka. Amenewo pulogalamu inawaika padela m'malo mongoganizila. A Daka ndi Jennipher anagawana manambala n'kuimbila eni ake mmodzimmodzi, ndipo aliyense anayamba ndi moni. Pa 15:40 mndandanda unali m'manja mwa dalaiva.

M'mawa mwake lole inaima pang'ono pa Nyimba, Jennipher atakhala kutsogolo ndi mapepala pamiyendo. A Josephine anali pa siteshoni ndi nthochi zawo. Atamva nkhani yonse kwa dalaiva, anapeleka mbale yodzaza nthochi pawindo.

"Idyani panjila," anatelo. "Mbaleyo sindikudela nayo nkhawa. Uyu sataya."

Madzulo a tsikulo maneti anafika ku Luembe, kuphatikizapo m'mudzi umene muli manda a amayi ake. Lelo Jennipher sasesanso. Ndiye amalemba mapulogalamu a bungwelo, ndipo amauza odzipeleka kuti azipeleka moni mmene akufunila.

Mwina inunso muli pamalo amene mukuona ngati simukuphunzilapo kanthu. Jennipher ankaona conco pamene ankatola miyala pa siteshoni. Cimene mavuto akuphunzitsani lelo, cisungeni m'thumba. Ndipo tsiku lanu likafika, funsani kuti, "Ndingayeseko?" Musataye mtima!