Chimbale Chimene Sindidziwa Dzina Lake

Mwana wanga wamkazi ankakonda nyimbo zimene anthu a kuno ku Kawale sazikonda. Zinali za magitala okalipa ndi ng'oma zothamanga. Iye ankati ndi roko. Ine ndinkati ndi chigayo chimene chameza mwala. Ankangoseka n'kukweza mawu.

Ankagwira ntchito m'sitolo ya nsalu m'tauni. Poweruka ankatsika minibasi timawaya tili m'makutu, osamva ngakhale moni. Mayi wina anandiitanirapo pambali n'kundiuza kuti nyimbo zotero n'zausatana, ndimutengere mwanayo kwa abusa. Sindinamutengere. Mwana wonditungira madzi asanapite kuntchito, kwa abusa akakatani?

Disembala aliyense anali ndi mwambo wake. Ankasankha zimbale zimene zamukomera koposa m'chaka chimenecho, ndipo woweruza ndinali ine, munthu amene sukulu inandithera ku pulayimale. Ankandipeza pakhonde ndikusankha nyemba, foni n'kuiika m'kapu kuti mawu akule.

"Amayi, tamvani awa. Alibe kampani awa, amajambula okha kuchipinda kwawo."

"N'chifukwa chake akulira chonchi. Apatseni chakudya."

"Amayi inu! Chabwino, nanga awa?"

"Awa akukangana ndi ndani?"

M'chaka chake chomaliza anaika chimbale china. Woimba anali mkazi wa mawu otsika, ngati akulankhula ndi mwana wodwala. Ankapita choncho pang'onopang'ono, kenako magitala onse ankagwa pamodzi ngati mvula yoyamba pamalata. Ndinasiya nyemba. Mwana wanga anandiyang'ana n'kuwomba m'manja.

"Ndakugwirani! Chimenechi ndiye nambala wani, Amayi avomereza."

Anatchula dzina la oimbawo, lachingerezi, lalitali. Sindinalisunge. Ndinkati ndikadzalifuna ndidzamufunsa.

Anadwala mvula ili pafupi kutha. Sanadwale nthawi yaitali. Tinakamuika kwathu ku Dowa.

Pogawa katundu wa malemu, alongo anga ndiwo anatsogolera, monga eni mbumba. Zovala zinapita uku, nsapato uku, foni anapatsa mng'ono wanga. Ine mutu sunkagwira, ndinkangovomera chilichonse. Patapita miyezi, nyimbo ya mkazi uja inayamba kundilira m'mutu, ndipo ndinamuimbira foni mng'ono wangayo kuti anditumizire kakhadi kosungira nyimbo kokhala m'foni muja.

"Achemwali, zaphokoso zija? Ndinakafufutitsa, ndinaikitsamo za kwaya. Zinkandiopsa."

Sindinamukalipire. Iye sankadziwa.

Ndiye chimbalecho chinatsala m'mutu mwangamu basi, ndipo si chonse, ndi nyimbo imodzi yokha. Ndinapita kumsika kwa bambo amene amaika nyimbo m'makhadi.

"Mayi, za uthenga kapena zachikale?"

"Ndikufuna roko."

Amuna amene anali pabenchi anaphulika kuseka. Wina anati, "Eee, amayiwa atiposa tonse. Apatseni ndi njinga yamoto yomwe!"

Bambo wa pakompyutayo anawaletsa. Anandifunsa dzina la oimba, ndinati sindidziwa. Dzina la chimbale, sindidziwa. Dziko lawo, sindidziwa.

"Ndiye taimbani pang'ono, mayi."

Ndinaima pakati pa msika, kumbali kwanga akukazinga tchipisi, n'kuimba chapakhosi, kukamwa kotseka, poti mawu ake sindinawamvepo tanthauzo. Bamboyo anandiikira nyimbo zingapo. Zonse zinali ndi magitala, koma mkazi uja munalibe. Potsiriza anati, "Pepani mayi, zimenezi zilipo zambiri ngati mchenga. Popanda dzina, ayi."

Ndinayesa ku Biwi, ndinayesa ku Area 23. Ndinapita kusitolo kumene ankagwira ntchito, anzake anati iwo zimenezo sankamvera, ankangomuseka. Mmodzi analira, n'kundipatsa mpando.

Chondiopsa tsopano n'chakuti nyimboyo ikutha. Poyamba ndinkaitha kuyambira kumutu mpaka pamene magitala amagwera. Kenako pakati panayamba kubooka, ndinkadumpha. Ndinkaiimba m'mawa uliwonse kuti isathawe, koma palibe wondiuza kuti apa mwalakwitsa.

Sabata yatha ndinkachapa kuseri kwa nyumba, ndikuimba chapakhosi monga mwa masiku onse. Mnzanga wa kutchalitchi anafika kudzandiona. Asanandipatse n'komwe moni anailandira nyimboyo, n'kuyamba kuiimba ndi mawu ake onse, vesi yathunthu.

"Mwaidziwira kuti?" ndinamufunsa.

"Aa, si ya m'buku imeneyi? Timaimba pamaliro."

Ndinamvetsera bwino. Ankanena zoona. Sindidziwa kuti ndi liti pamene ndinapatuka n'kulowa m'nyimbo ya m'buku, kaya ndi mwezi uno kaya ndi kale. Ndinayesa kubwerera poyambira pa ya mwana wanga. Ndinaima ndi chitenje chonyowa m'manja mpaka madzi analeka kudontha, koma poyambirapo sindinapapeze.