Msomali Woyenda wa a Mkuzamawu

Kuseri kwa msika, pakati pa shopu ya wometa ndi shedi ya kalipentala, kuli chipinda cha malata chimene mazenera ake anawatseka ndi nsalu zakuda. Mkati muli mabenchi asanu ndi atatu, kanema wamkulu pakhoma, ndi katebulo ka mwendo umodzi waufupi kochirikiza ndi njerwa. Pakatebulo pamenepo ndi pomwe a Mkuzamawu akhala zaka makumi awiri, maikolofoni ili pakamwa, kumasulira mafilimu kuti anthu azimva. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Ngakhale akazi awo, omwe ndi atelala osokera pakhonde, akamawaitana amangoti, "A Mkuzamawu, tsitsani mawu mudzadye."

Kamasuliridwe kawo, tinene zoona, kanali kawokawo. Chilankhulo cha m'mafilimu ankachimva mwa apo ndi apo, ndipo pomwe sanamve ankathirapo zam'mutu mwawo. Msilikali akalankhula mawu ataliatali asanatsirizike, iwo ankangoti, "Akuti musaiwale kutsekera nkhuku." Anthu ankaseka mpaka kutsetsereka pabenchi. Filimu imodzi ena ankaionera katatu, chifukwa tsiku lililonse inkatuluka ndi nkhani ina.

Koma Loweruka masana nthabwala zinkathera pakhomo. Imeneyi inali nthawi ya mafilimu oopsa, a mizukwa ndi akufa odzuka m'manda, ndipo a Mkuzamawu sankalowetsa mwana wamng'ono olo atalira chotani. Anali ndi chifukwa chawo. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, amalume awo anawatenga kukaonera filimu momwe munali chinthu chokhala pansi pa bedi, chogwira anthu miyendo. Kwa zaka ziwiri kamnyamatako kankakwera pabedi modumpha kuchokera pakhomo. Tsiku lina kanadumpha moperewera n'kumenyetsa pakamwa pathabwa. Dzino lobenthukalo lilipo mpaka lero, ndipo akamaseka limaoneka.

Vuto linali kudziwa kuti wamng'ono ndani. Aphunzitsi ankati msinkhu woyenera umalembedwa pachikuto, koma madiski ankabwera opanda chikuto. Amayi ena ankati ana onse aletsedwe mpaka adzakwatire. Ana eniakewo ndiye osanena: ukafunsa kamwana ka mamina pamphuno, kankakuyang'ana m'maso n'kunena kuti kali ndi zaka khumi ndi zisanu. A Mkuzamawu atatopa, anabwereka nyundo kwa kalipentala, anaimika pakhomo mtsikana wina amene msika wonse unkadziwa kuti ali ndi zaka khumi ndi zitatu, n'kukhoma msomali pafelemu ya chitseko pamene panalekezera mutu wake. Lamulo linatha pomwepo. Mutu ukakhudza msomali, lowa. Nsapato uvule, chidendene chigunde pansi, ndipo tsitsi ankalipsinja ndi chikhato kuti lisathandize mwini wake.

Msomaliwo unagwira ntchito mwachilungamo zaka zambiri, kufikira pamene mwana wawo yemwe anayamba kuuyandikira.

Mwanayo, wamkazi, anabadwa mochedwa, banja litadikira zaka zisanu ndi zinayi, achibale atatopa n'kunong'ona. Anabadwa wochepa thupi ndipo anakula wamfupi, moti bambo ake anamutcha Kachitsa, ngakhale akakhala awiriwiri ankamuitana kuti "mayi". Anakwawira pansi pa katebulo kaja, anamera mano akutafuna waya wa maikolofoni, ndipo atayamba sukulu ndiye ankabweretsera bambo ake chakudya cha masana m'kontena. Mafilimu onse oseketsa ankawadziwa pamtima. Otsala anali a Loweruka okha, ndipo Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ankavula nsapato n'kukaima pansi pa msomali, khosi litawongoka.

"Zatsala zala ziwiri, mayi," ankatero a Mkuzamawu. "Uzidya kwambiri."

Zimene Kachitsa sankadziwa n'zakuti msomaliwo unkayenda. Ulendo woyamba mwanayo anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, patatsala chala chimodzi chokha. Anthu atabalalika, a Mkuzamawu anabwereka nyundo, anazula msomali, anaukhoma m'mwamba pang'ono, bowo lakale analimata ndi sopo n'kupakapo fumbi kuti lifanane ndi thabwa. Anadziuza kuti ndi kamodzi kokha, mwanayo akadali khanda. Koma mwana sasiya kukula chifukwa bambo ake sanakonzeke. Pofika zaka khumi ndi zinayi za Kachitsa, msomali unali utasamuka kasanu.

Anthu anayamba kudabwa. Wometa, bambo wamfupi wa ndevu zake ndi ana atatu, tsiku lina anaima pakhomo n'kuyang'ana m'mwamba.

"Akulu, kodi ine ndikufupika? Kale msomali uwu unkandikanda pachipumi. Lero ndikudutsa pansi pake osawerama."

"Ndi ukalamba umenewo, achimwene. Lowani, inu ndevu zikukuchitirani umboni."

Kalipentala naye ankati, "Nyundo yanga mumabwereka kawiri pachaka, koma chatsopano chokhomedwa sindichiona." Koma amene ankadziwa zonse anali atelala kunyumba. Tsiku lina, singano ili pakamwa, anati, "Bambo a mwana, diresi la sukulu ili ndatsitsa mpendero katatu. Kwa ine mwanayu akukula, kwa inu sakukula. Tili ndi ana awiri kodi?" A Mkuzamawu anayankha kuti tepi ya telala imatamuka, n'kutuluka panja mwachangu.

Paja amati masiku a wakuba ndi fote. Fote ya a Mkuzamawu inakwana Lachiwiri lina sukulu itatsekera. Iwo atapita kukatenga madiski atsopano, Kachitsa anaganiza zowadabwitsa powakonzera chipinda. Anasesa, anapukuta mabenchi, kenako anaona kuti felemu ya chitseko yada ndi manja a anthu. Anatenga madzi ndi bulashi n'kuyamba kukwecha. Thabwa linayamba kuchita thovu, chonsecho iye sanathire sopo m'madzimo. Atatsukuluza, anaona mabowo asanu atandandalika pansi pa msomali ngati mabatani a malaya.

Anavula nsapato n'kuima pamenepo. Bowo loyamba, la pansi penipeni, linkamulekeza m'khutu.

A Mkuzamawu anabwera akuimba mluzu, jumbo ya madiski ili m'manja. Ataona chitseko chonyowa ndi mwana ali chiimire opanda nsapato, mluzu unathera m'kamwa.

"Ababa, chitseko chanu chimatulutsa thovu."

"Aa, chiswe chimenecho, mayi. Chiswe chavuta chaka chino."

"Chiswe chimagula sopo?"

Munthu amene ankatha kulankhulira anthu khumi a m'filimu nthawi imodzi anangoyamba kukanda m'mutu mosayabwa. Kachitsa sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwino.

"Zaka zitatu, ababa," anatero motsitsa. "Ndakhala ndikudya ndi pamene ndakhuta. Ndimadzikoka pamtengo wa kusukulu kuti mwina nditalike. Anzanga onse analowa kale, amandiseka kuti ndinapinimbira. Ine ndimaganiza kuti thupi langa lili ndi vuto, mumangondibisira. Ndimalira kubafa kuti musandione."

Anatola nsapato zake n'kumapita, osazivala. A Mkuzamawu anakhala pabenchi yakumapeto, ndipo manyazi amene anawagwira sanawamvepo chibadwire. Ankaganiza kuti akutchinjiriza mwana ku maloto oipa, osadziwa kuti amupatsa mantha ena oti aziyenda nawo masana.

Masiku otsatirawo Kachitsa anasanduka mwana waulemu kwambiri, ulemu wake wopweteka uja. M'mawa ankati, "Mwadzuka bwanji, bambo," ngati akupereka moni kwa mlendo. Kontena ya chakudya ankaisiya kwa wometa. A Mkuzamawu ankamasulira mafilimu mozizira, mpaka munthu wina anafunsa ngati kunyumba kwagwa zovuta. Anaona kuti mwana amene ankakhulupirira chilichonse chotuluka pakamwa pawo akuwapulumuka m'manja, ndipo sankadziwa pomugwira.

Lachisanu anakakhala pakhonde pafupi ndi makina osokera.

"Mafilimu amenewa ndi oipa, mayi a mwana. Inu simuwadziwa."

"Ndimawadziwa. Ndinaonera imodzi tili pachibwenzi, amene anabisala kumsana kwa mnzake ndinu." Anadula ulusi ndi mano. "Ana a eni mumawalowetsa akafika zaka khumi ndi zitatu. Wanu ali ndi khumi ndi zinayi. Nenani zoona, mukuopa chiyani?"

"Tinamudikira zaka zisanu ndi zinayi. Akangolowa pakhomo paja ndiye kuti m'nyumba muno mwana watha. Wina kulibe."

Atelala anaimitsa makina. Sanawaseke, ngakhale kuseka amuna awo ndi ntchito imene amaikonda kuposa kusoka. "Mwana akalirira nyanga ya msatsi, msemere, imufotere yekha. Akachita mantha adzachita, adzagona ndi nyali masiku awiri, zidzatha. Koma bodza la bambo ake silitha msanga. Pitani mukamuuze zimene mwandiuza inezi."

Loweruka m'mawa anamupeza kuseri akuchapa. Anakhala pachidebe chovundikira, mawondo akulira.

"Mayi, ndinalakwa. Unafika kalekale. Thupi lako lilibe vuto lililonse, vuto linali ine."

Kachitsa anapitiriza kufikisa kolala. "Chifukwa chiyani?"

"Ndinkaopa."

"Filimu?"

"Ayi. Kukula kwakoku."

Mtsikanayo anasiya kuchapa n'kuwayang'ana koyamba m'masiku anayi. "Ndiye mumati muletsa ndi msomali?"

"Ndinayesa. Kasanu konse."

Kuseka kunafuna kumutuluka Kachitsa, koma anakugwira. Sanafune kuwakhululukira motchipa. "Lero ndibwera," anatero. "Ndipo musandisinthire filimu n'kuika yoseketsa."

Masanawo a Mkuzamawu anabweza msomali pabowo loyamba anthu onse akuona, wometa akuwomba m'manja kuti watalikanso. Kachitsa anabwera ndi anzake awiri, anavula nsapato ngakhale palibe anamuuza, anaima pakhomo, mutu wake utaupitirira msomali ndi chikhato chathunthu. Analowa osayang'ana bambo ake. Koma posankha malo, anakhala kumapeto kwa benchi yoyamba, pafupi ndi katebulo.

Filimu ya tsikulo inali ya madiski awiri, ya banja losamukira m'nyumba momwe mumamveka mapazi kudenga. A Mkuzamawu ankamasulira diso limodzi lili pa kanema, lina pa mwana. Anayesa kuthirapo nthabwala, kuti mzukwawo ukungofuna chimbudzi, koma Kachitsa anawaponyera diso loti "osandinyengerera", ndipo anasiya. Chipinda chinati zii. Chakumapeto kwa diski yoyamba, chitseko cha kudenga chinatseguka chokha, nkhope yotuwa inasuzumira, ndipo anthu akuluakulu anakuwa mayo.

Kachitsa sanakuwe. Nkhope yake inali chilunjikire kutsogolo, khosi lili chiwongokere kuti anzake asaone kanthu. Koma mumdimamo a Mkuzamawu anamva dzanja lozizira likufufuza pansi pa tebulo, n'kugwira lawo mwamphamvu mpaka zala kuwawa. Anagwira maikolofoni ndi dzanja linalo n'kupitiriza kulankhula.

Diski yoyamba inatha, kanema anachita buluu. Mwa kuwala pang'onoko anaona misozi iwiri ikutsika pamasaya a mwana wawo, ndipo akanangoimirira kuti asinthe diski, dzanja likanaonekera, anzake akanatembenuka.

"Sinthani, a Mkuzamawu!" anthu anayamba kukuwa. "Mwagona kodi?"

"Makina atentha," analengeza pa maikolofoni. "Tiwapatse mphindi zingapo apume. Aliyense ayang'ane kutsogolo, kutembenukatembenuka kumawonjezera kutentha."

Anthu anaseka, ena anang'ung'udza. Kachitsa anapendekera kwa iwo pang'ono, osasiya dzanja.

"Ababa, limenelonso ndi bodza," ananong'ona.

A Mkuzamawu anatseka maikolofoni ndi chikhato. "Ndikudziwa, mayi. Ukafuna tituluke, tituluka. Ukafuna ndiyatse, ndiyatsa. Unene ndiwe."

Mtsikanayo anapuma mozama kawiri, anapukuta masaya ndi phewa, n'kuyang'ana kanema wabuluu uja.

"Yatsani," anatero. "Koma musinthe ndi dzanja linalo."