Kachiwala ka Zitseko Ziwiri

Ganizo lopita ku Canada ndinalipanga ndili chagada pansi pa galimoto ya mzungu wina, mphunzitsi wa pa sukulu ya mishoni. Kunali kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ine ndili makaniko pa garaja ina ku Limbe. Galimoto yakeyo inali itagonjetsa amisiri atatu, koma ine ndinaidzutsa ndi waya ndi chidutswa cha chubu cha njinga. Mwini wake anawerama n'kundiuza kuti mchimwene wake ali ndi garaja ku Oshawa, kum'mawa kwa Toronto, ndipo akusowa munthu wa manja ngati anga. Ndisanatuluke n'komwe pansipo, mumtima ndinali nditavomera kale.

Vuto linali kunyumba. Ndinakwatira chikamwini ku Ntcheu, ndipo mkazi wanga Esinati ankakhala pamudzi pa mayi ake ndi mwana wathu Maliya, yemwe anali atangoyamba kuyenda. Apongozi angawo, a Nachisale, anali asanandiyankhulepo maso ndi maso chikwatirire mwana wawo. Ndiwo mwambo wake: tikakumana panjira iwo ankapatukira kutchire, ine ndinkanjuta kumbali, chipewa chili m'manja. Mawu awo onse ankadzera mwa Esinati. Atamva za ulendowu anaima kuseri kwa nkhokwe, n'kunena mokweza kuti nanenso ndimve:

"Muwauze amuna anuwo kuti machona mudzi uno tinatopa nawo. Zaka ziwiri. Zikapitirira, mwana wanga sakalambira pa mphasa yopanda mwamuna."

Ndinalonjeza zaka ziwiri. Ndinakhala zisanu.

Oshawa ndi mzinda wa galimoto. Kuli fakitale yaikulu imene inkadyetsa pafupifupi khomo lililonse, ndipo anthu ake ankayendera zimagalimoto zazitali ngati khonde la sitolo ya Mmwenye. Bwana wanga, a Dagi, anali munthu wabwino koma wosalankhulalankhula. Ndinkagona m'chipinda chapansi cha nyumba ya mayi wina wamasiye, ka windo kake kakuyang'ana nsapato za anthu odutsa. Kusungulumwa ndinakudziwira kumeneko. Sabata zinkatha ndisanatulutse liwu limodzi la Chichewa, mpaka ndinayamba kuyankhula ndi mainjini. Kalata yochokera kumudzi inkayenda milungu itatu, ndipo ndinkaiwerenga mpaka kung'ambika m'mapindo. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, sindinadumphitsepo, ndipo zimenezo ndimanena mutu uli m'mwamba.

Kagalimotoko ndinakapeza m'chaka chachiwiri, kuseri kwa garaja, katakwiririka ndi chipale chofewa, chimene iwo amati snow. Kanali ka ku Japan, ka zitseko ziwiri, mphuno yaitali, mchira waufupi, mtundu wake wa lalanje lakupsa. Dzina lake sinditchula, eni ake sanandilipire kuti ndiwatsatsire malonda. Kumeneko nyengo yozizira amathira mchere m'misewu kuti chipale chisungunuke, ndipo mcherewo unali utakadya kunsi konse. Ukakhala pampando unkaona pansi kudzera m'mabowo.

"Chitini cha nsomba chimenecho, Lameki," anatero a Dagi, pondiitana ndi dzina langa loyamba. "Kuno timapanga galimoto zenizeni. Ukafuna tenga, ungondichotsera zinyalala."

Ndinatsegula boneti. Injini yake inali yaing'ono, yaukhondo, makabureta awiri atafola bwinobwino, bawuti iliyonse ili pamalo poti sipanala ifike popanda kutukwana. Amene anapanga chimenechi anali ataganizirapo munthu wodzachikonza. Pang'onopang'ono ndinamva mbiri yake kwa ogulitsa zipangizo. Ku Japan misewu ndi yopapatiza, mafuta ndi odula, choncho anaphunzira kupanga zazing'ono. Poyamba ankangotengera za Azungu, ndipo zoyamba kufika ku Canada zinali zoseketsa, zolephera chitunda. Iwo sanakwiye, anangobwerera kukakonza. Kenako anatulukira nzeru yoika thupi lokongola la galimoto ya mpikisano pa injini yosavuta ya galimoto ya banja, kuti ngakhale kalaliki wa mu ofesi amve kukoma kwa liwiro osagulitsa nyumba. Nkhani imeneyo inandikhudza, chifukwa nanenso ndinali wamng'ono wochokera kutali amene anthu ankamuyang'ana mokayikira.

Ku Canada chinthu chikawonongeka amataya n'kugula china. Ku Limbe sititaya kanthu. Ndinadula malata ku chitseko cha firiji yakutha, n'kuwasula ndi hamala pa chipika mpaka atatenga maonekedwe a kunsi kwa galimoto. Magasiketi, otseka kuti mafuta asamadonthe mu injini, ndinasema ku katoni ya nsapato. Loweruka lililonse la nyengo yozizira ndinali pamenepo, zala zitauma gwa. Anyamata a ku fakitale ankabwera kudzandiseka. Tsiku limene ndinakaliza koyamba, a Dagi anatuluka mu ofesi kapu ya khofi ili m'manja, anamvetsera injini kwa nthawi, n'kungoti, "Tiye tikazungulire." Pobwerako anali atagwira chipewa ndi manja awiri.

Ndinakatcha Kachiwala, chifukwa getsi lobiriwira likangoyaka kankadumpha, zimagalimoto zija zikadali kuganiza. Giya yake inali yapansi, yaifupi, yolowa ndi zala ziwiri. Pokhota kankamatirira msewu. Kenako mafuta anakwera mtengo koopsa, ndipo anyamata omwe ankandiseka aja anayamba kundifunsira kumbali kuti kodi kamamwa bwanji. Ndinkawayankha modekha ngati m'busa. Nditero poyera: ndinanyada, ndipo mpaka lero ndimanyada.

Lamulungu ndinkapita ku Etobicoke kwa a Tembo, namwino wamwamuna wochokera ku Chipata, kumene ndinkapeza Chinyanja ndi tsabola. Iwo ndiwo anabwera ndi kamera.

"Imwe a Phiri, kamotoka aka kamaflaya! Imani apo nikukopeni, mutume ku nyumba. Aone kuti kuno simunabwere kudzashovela snow chabe."

Ndinaima m'mbali mwake, dzanja padenga, jekete ya chikopa pamapewa. Chithunzicho ndinatumiza kwa Esinati. Apo n'kuti chaka chachinayi chikutha, ndipo m'kalata iliyonse ndinkalemba kuti chaka chamawa.

Yankho silinachokere kwa Esinati. Linachokera kwa a Jailosi, amalume ake, amenenso anali ankhoswe a ukwati wathu. Analemba kuti chithunzi chafika, mudzi wonse wachiona, ndipo apongozi anga awerenga zitseko. Galimoto ya munthu wa banja imakhala ndi zitseko zinayi. Iyi ili ndi ziwiri, chimodzi changa, chinacho cha mkazi amene ndamupeza kumeneko. Mwana, mkazi ndi abale palibe polowera. Choncho ndikapanda kuoneka chaka chisanathe, akhala pansi ankhoswe a mbali zonse n'kumumasula Esinati.

Ndinaseka kaye, kenako ndinakhala pa bedi n'kuiwerenganso kalatayo. Mkazi wina ndinalibe. Koma chithunzicho ndinachiyang'ananso ndi maso a kumudzi, ndipo ndinaona zomwe anaona: mwamuna wonenepa, wosangalala, ali ndi galimoto ya anthu awiri. Mpando wakumbuyo sunkaoneka.

A Dagi anandilonjeza malipiro okwera kuti ndikhale. A Tembo anafuna ndikagulitse: "Muisele chabe motoka, mugule malata." Ndinakana zonse ziwiri. Ndikanapita wopanda Kachiwala, zitsekozo zikanakhala ziwiri m'mitu mwawo mpaka imfa yanga. Ndinafuna aone okha kuti mpando wakutsogolo umapindika, ndipo kumbuyo kuli malo. Ndinakakweza sitima ya pamadzi ya ku Beira, ndalama zimene ndikanagulira malata n'kuthera pamenepo, ine n'kukwera ndege.

Ndinafika kumudzi miyezi itatu galimoto isanafike, ndipo miyezi imeneyo sindiifunira ngakhale mdani. Anthu ankandipatsa moni kenako n'kusuzumira kumbuyo kwanga. "Nanga ija ya pachithunzi, munabwereka?" Maliya ankandithawa, akumanditchula kuti alendo. Esinati anandilandira mwaulemu, ndipo ulemuwo ndi umene unkandipweteka.

"Ndalama zanu zinkafika, a Phiri," anandiuza tsiku lina tikupalira. "Koma bambo anga atamwalira, akamwini anzanu anatema nkhuni ndi kusenza mitengo pamaliro. Inu munatumiza telegalamu."

Ndinaweramira khasu n'kupitiriza kupalira. A Jailosi anati kubwera kwanga sikuthetsa nkhani, ankhoswe adzakhalabe pansi tikakolola, ndipo aliyense ankadziwa kuti pabwalopo mawu omaliza adzachokera kwa a Nachisale, ngakhale iwo adzakhala kuseri.

Kachiwala kanafika ku Limbe pa sitima ya pamtunda kutatsala sabata imodzi kuti ankhoswe akumane. Nditalowa nako m'mudzi, anthu anakazungulira mpaka dzuwa kupendeka. Ndinapinda mpando, ndinaonetsa kumbuyo, ndinapindanso. Apongozi anga sanabwere kudzaona.

Lachisanu m'mawa a Nachisale anali ndi ulendo wa ku Balaka, ku msonkhano wa amayi a mpingo, kumene iwo ndiwo anayenera kutsegula ndi pemphero. Basi inadutsa yodzaza osaima. Esinati anathamanga kuchokera kumsewu.

"Tulutsani galimoto. Ndawachonderera, avomera, koma musawayang'ane."

Tinawapeza ataima pansi pa mtengo, bulauzi yoyera, duku loyera, nkhope atalozetsa kuphiri. Ndinapinda mpando kuti alowe kumbuyo. Anayesa, bondo lawo lodwala linakana. Anayesanso, linakananso. Panalibe kuchitira mwina: Esinati ndi Maliya analowa kumbuyo, ndipo a Nachisale anakhala kutsogolo, phewa lawo litatsala pang'ono kukhudza langa. Anakoka chitenje n'kuphimba mbali ya nkhope yoyang'ana kwa ine. Ndinaliza injini, maso ali pamsewu.

Titalowa mumsewu waukulu ndi pamene ndinazindikira chimene sindinachiganizire ku Oshawa konse. Chiwongolero cha Kachiwala chinali kumanzere, monga zilili za ku Canada, pamene kwathu timayenda kumanzere kwa msewu. Ine ndinali kumbali ya tchire. Kutsogolo kwathu kunali chilole cha thonje chikukwawa, utsi uli tolotolo, ndipo sindinkatha kuona ngati kukubwera galimoto ina. Woona msewu anali wokhala kudzanja lamanja, apongozi anga.

"Esinati," ndinatero, "uwapemphe mayi andionere kutsogoloko."

Esinati anawauza. Iwo anasendeza chitenje pang'ono, anasuzumira, n'kutembenukira kumbuyo. "Muwauze amuna anuwo kuti pakadali pano kulibe kanthu, ngati akufuna angathe..."

Mawuwo asanafike kwa ine, basi inatulukira n'kudutsa ndi mphepo. Tinayesanso. "Muwauze amuna anuwo kuti..." Thirakitala. Kachitatu ndinali nditatulutsa kale mphuno, ndipo ndinabwerera msangamsanga lole ina ikuliza hutala. Maliya analira. Dzuwa linkakwera, utsi unkalowa m'mawindo n'kudetsa bulauzi yoyera ija. A Nachisale anayang'ana dzuwa, anayang'ana bulauzi, ndipo ndinamva akupuma mwamphamvu.

Kenako chitenje chinagwera pamapewa. Anatsamira kutsogolo, manja atagwira dashibodi.

"Dikirani... dikirani... Tsopano! Pitani, a Phiri! Pondani!"

Ndinatsitsa giya, ndinaponda. Kachiwala kanachita zomwe kanabadwira. Injini inaimba, chilole chinatsalira ngati chaima, ndipo tinabwerera kumbali yathu msewu wonse uli wathu. Kenako mayi amene kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankandithawira kutchire anaseka, kuseka kwenikweni kogwedeza mapewa.

"Iii, kanthu aka! Kutsogoloko kuli inanso. Imeneyonso tiipitirire."

Tinapitirira zinayi tisanafike ku Balaka, ndipo zonse anandiuza okha.

Ku Canada ndinkaganiza kuti kwathu akufuna umboni wakuti ndapambana, n'chifukwa chake ndinatumiza ndalama ndi chithunzi. Kwathu sankakayika za kupambana kwanga. Ankafuna kudziwa ngati m'zimene ndapezazo muli malo awo, ndiponso ngati ine ndikuwafunabe pa kanthu kalikonse. Tsiku limenelo sindikanatha kupitirira ngakhale ngolo popanda maso a apongozi anga, ndipo iwo anaziona.

Pa tchalitchi amayi anasiya nyimbo pakati kuti aone wotsika m'galimoto ya lalanje. Ndinathamanga kukatsegula chitseko, kenako ndinanjuta kumbali monga mwa mwambo. A Nachisale anatsika pang'onopang'ono, anakonza duku, n'kuyang'ana kuphiri monga kale. Koma sanatembenukire kwa Esinati.

"A Phiri, pobwerera mudzere kwa a Jailosi. Muwauze kuti ankhoswe asavutike kubwera, palibe nkhani. Ife tiweruka Lamulungu thuu koloko. Musachedwe."

Lamulungu ndinafika wani koloko.