Ndinali Miyendo ya Mnzanga

Ine ndine munthu wophunzira theka. Ku koleji ndinakhalako chaka chimodzi ndi miyezi ingapo, kenaka ine ndi aphunzitsi tinagwirizana mwamtendere kuti tileke kuvutitsana. Komabe m'nyumba mwanga muli pepala limodzi lopachikidwa m'galasi, la ku sekondale, lonena kuti ndine mnyamata wolimba mtima. Alendo amaliwerenga n'kundiyang'ana mwaulemu. Ine ndimayang'ana pansi, iwo n'kumati ndi kudzichepetsa.

Sukulu yathu inali ya mishoni, kumtunda kwa Boma la Feira, ndipo inkalandira aliyense. Tinalipo ana a asodzi ngati ine wa ku Mphuka, ana a mabwana a boma ochokera ku Lusaka ndi ku Chipata, othawa nkhondo a ku Zumbo, ngakhale aja a mpingo wokana kuimba nyimbo ya fuko. Atsikana awiri osaona anali ndi makina awo olembera timadontho. Makolo ena apamwamba ankadandaula kuti kusakaniza kotere kutsitsa sukulu, koma zotsatira za mayeso zikabwera ankasowa chonena. A Hedi, wansembe wamfupi wa dazi, ankawayankha kuti, "Mulungu sanandipatse sefa, anandipatsa chipata."

Pa chipata chimenecho ndi pamene analowera mnzanga wa pa desiki. Poliyo inamufotetsa miyendo ali wamng'ono. Ankayenda ndi ndodo ziwiri zimene kalipentala wa mishoni anamukonzera, n'kumazitalikitsa chaka ndi chaka. Masamu ankawadziwa ngati anabadwira limodzi. Ine ndinali ndi thupi. Bambo anandilera pa nkhafi ya bwato, moti mapewa anga anafika Fomu 3 mutu udakali ku pulaimale.

Nkhondo ya ku Rodeshiya itayandikira m'mbali mwa Zambezi, zinthu zinasintha. Asodzi analeka kupita pakati pa madzi, madalaivala ankaopa mabomba okwirira m'misewu, ndipo ndeke zinkadutsa osapempha. Tinakumba maenje obisalamo kuseri kwa makalasi. A Hedi anaika lamulo lakuti aliyense wosatha kuthamanga akhale ndi womunyamula wake. Ine anandipatsa mnzangayo. Lachisanu lililonse ankaimba chitsulo mwadzidzidzi, wotchi ili m'manja, ife n'kuthamangira ku maenje. Ndinkamubereka kumsana, iye atagwira ndodo zake ngati nyanga, ndipo tinkafika ambiri a miyendo iwiri asanafike.

"Hachi wanga, lero wachedwa," ankatero tikatsika. "Udzu sunakwane?"

"Wokwera ndiye wanenepa. Siya kudya nyemba za anzako."

Makolo anayamba kubwera kudzatenga ana awo. Tsiku lina anabwera amai ake a mnzanga, mayi wamasiye wochokera ku midzi ya kumtunda, atayenda pansi kuyambira m'mawa. Ankafuna kupita naye. Ankati mwana wosathamanga afere pafupi ndi make. Kunali kutatsala chaka chimodzi kuti alembe mayeso, ndipo tonse tinkadziwa kuti akapita kumudzi sabweranso. A Hedi atalephera ndi mawu, anatumiza munthu kudzandiitana, monga umboni.

Mayiwo anandizungulira. Anandigwira mapewa, kundifinya mikono, ngati munthu wogula ng'ombe yolimira.

"Mwananga, ndiwe amene umamunyamula?"

"Ndine, amai."

"Nanga zikabwera zenizeni? Osati za chitsulozi."

Ndinaimirira mowongoka. Ndikukumbukira kuti ndinaika ngakhale dzanja pachifuwa, chinthu chimene palibe anandipempha. "Amai, bomba likafuna iyeyu liyambe lapempha kwa ine."

A Hedi anatsokomola. Mayiwo sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamasula kathumba ka masau ouma kamene anabweretsera mwana wawo, n'kundigawira theka. Anabwerera okha.

Zenizenizo zinabwera Lachiwiri lina m'mawa, tikuphunzira za mitsinje ya ku Ulaya. Chitsulo sichinalire n'komwe. Tinangomva mkokomo ukuchokera kumtsinje, malata n'kuyamba kunjenjemera, kenaka kuphulika kumene kunagwetsa choko pa tebulo. Sindinaganize zomusiya mnzanga. Ndikanakonda ndikanaganiza, chifukwa munthu woganiza amakhala ndi chifukwa. Ine ndinangopezeka ndatulukira pa windo.

Ku maenje sindinapiteko. Miyendo inasankha yokha njira, ndipo inasankha khola la nkhumba za mishoni. Ndinagona chafufumimba m'matope pakati pa nkhumba yaikazi ndi ana ake. Nkhumbayo inandiyang'ana, n'kusendera pafupi ndi ana akewo. Pa ife awiri, ndi iyo imene inkakumbukira ntchito yake.

Mabomba anagwera kutali, cha kumapiri. Pa sukulu sipanagwe kanthu. Mkokomo utachepa ndinakumbukira kuti ndili ndi msana, ndiponso kuti msanawo uli ndi mwini wake. Ndinathamangira ku kalasi.

Ndinamupeza pabwalo, pakati pa kalasi ndi maenje. Ndodo imodzi inali itathyoka pa masitepe. Ankakwawa ndi zigongono pa miyala, akukoka miyendo, malaya atang'ambika, magazi ali m'mikono. Bwalo lonse linali mbee, iye yekha. Atamva mapazi anga anatembenuka.

"Wabwera," anatero. Ananunkhiza. "Unapita kukasamba?"

Ndinamunyamula. Kuchokera pamenepo kufika ku dzenje panali mapazi osakwana makumi atatu. Aphunzitsi anali akuwerenga mitu, awiri akusowa, ndipo anationa tikutulukira pa ngodya ya kalasi: ine matope thupi lonse, iye magazi, ndili naye kumsana. Mphunzitsi wa Chingelezi anayamba kulira. Wina anati ndinagwa naye n'kumuphimba ndi thupi langa. Pofika masana nkhaniyo inali itamera nthambi, ena akuti anaona ndi maso.

Madzulo ake, asisitere a ku chipatala atamumanga mabala, ndinakhala pa bedi lake. Ndinamuuza kuti ndikupita kwa a Hedi kukanena zoona.

"Ukanene chani?"

"Kuti ndinathawa."

"Ndiye a Hedi alembera amai kalata, chifukwa munthu uja sadziwa kunama. Amai abwera ndi ngolo. Ine chaka chamawa ndidzakhala pa khonde ndikusenda chimanga, ndikuwerengera anthu nkhuku zawo." Analankhula motsitsa, osakwiya. "Iwe wandisiya kamodzi lero. Usandisiye kawiri."

"Nanga zikabweranso?"

"Ndapempha malo a pafupi ndi chitseko. Ndaona kuti zigongono zimayenda ndithu."

Anapitiriza kukwera kumsana kwanga Lachisanu lililonse. Ankanditchabe hachi. Koma ndinkamva kuti manja ake sakugwiranso ngati kale. Ankagwira mopepuka, ngati munthu wokonzeka kutsika pena paliponse.

Pa tsiku la mphoto makolo anadzaza holo. Mnzanga anatenga mphoto ya masamu ndi ya sayansi. Kenaka a Hedi anawerenga za mnyamata amene anasonyeza chimene sukulu ino imaphunzitsa koposa mabuku, n'kutchula dzina langa. Bambo anga, amene anabwera atavala jekete yobwereka, anaimirira anthu onse ali pansi. Amai a mnzanga analulutira, nabwera kutsogolo, nagwada pamaso panga. Mayi wamkulu, kugwadira ine. Ndinayang'ana mnzanga. Ankaomba m'manja pang'onopang'ono, nkhope ili phee ngati ali pa Misa, ndipo anandigwedezera mutu kuti landira.

Ndinalandira.

Iye analemba mayeso n'kukhoza kuposa tonse. Anapita ku yunivesite, ndipo anabwerera kudzaphunzitsa masamu pa sukulu yomweyo. Ine pepala lija linandithandiza kupeza malo ku koleji, pakuti magiredi anga okha sakanandifikitsa ngakhale pa geti. Za mmene ndinachokerako ndanena kale. Masiku ano ndimakonza mainjini a maboti pa doko la pa Boma, ntchito yabwino chifukwa injini siifunsa mbiri ya munthu.

Chaka chilichonse masau akauma, amai aja ankanditumizira kathumba. Nkhondo inatha, malire anatseguka, a Hedi anapuma, kathumba kankabwerabe. Nditakwatira kanakula, kuti ana adyeko.

Tsiku lina mnzanga anabwera pa doko ndi njinga yake ya mawilo atatu, atanyamula kathumbako. Tinali titayamba imvi tonse. Ndinamuuza kuti tsopano palibe chimene chingawonongeke. Sukulu anamaliza, ntchito ali nayo, ndeke zinapita. Ndikufuna ndipite kumudzi ndikawauze amai.

Anatsegula kathumbako, natenga masau angapo, nayamba kutafuna.

"Amai akalamba," anatero. "Nkhani zimene atsala nazo ndi zitatu: ukwati wawo, chaka cha njala, ndi iwe. Ya iweyo ndiye amaikonda. Adzukulu onse anaimva. M'nkhani yawo masiku ano unandinyamula mtunda wa makilomita, ndeke ikukuthamangitsa."

"Ndi bodza, aphunzitsi."

"Ndikudziwa. Ndinalipo." Analavula njere. "Ukufuna iwe upepukidwe, iwo alemedwe. Hachi wanji wotula katundu pa nkhalamba?"

Anandipatsa kathumbako, natembenuza njinga yake, n'kundiuza kuti Loweruka ndipite ku sukulu ndikaone pampu ya madzi, yayamba kuvuta.

Sindinapite kumudzi kuja mpaka tsiku la maliro a amai aja. Ndinanyamula nawo bokosi, kutsogolo, chifukwa abale anati malo amenewo ndi anga. Mwana wanga wamkazi tsopano ali Fomu 2 pa sukulu ija, ndipo masamu amamuphunzitsa ndi mnzangayo. Tsiku lina anabwera kunyumba n'kuima pa pepala la m'galasi.

"Atate, aphunzitsi akuti ndikufunseni za nkhumba."

Ndinamuuza akhale pansi. Ndinachotsa pepalalo pa khoma, kuti lisamve.