Mabwato a Atate Pansi pa Laimu

Ndinu alamu amene munapaka laimu pachipupa cha malemu atate ku Nyampande, ati nyumba iyele pa ukwati wa mwana wanu. Musakane.

Atate anathawa nkhondo ku Mozambiki, bwato lawo linatsala kunyanja yamchele. Kuno anagwila khasu mpaka kufa. Pachipupapo anajambula okha ndi penti mabwato atatu, azibambo akukoka ukonde, azimayi atasenza nsomba. Ankaloza mmodzimmodzi, kundiuza maina a anzawo amene anatsala kwawo.

Ine nyanja sindinaionepo. Mvula ikanyowetsa chipupa, mabwato amaoneka mbuu pansi pa laimu, koma anthu aja satuluka. Maina ena andithawa kale.

Bwelani ndi mpeni, alamu, mupale laimu wanuyo. Pang'onopang'ono, musawacheke nkhope.